Mayunitsi athera kuti? Mafunso ndi mayankho pa za magetsi a m'nyumba kwa Nsamala

Dzuwa likamalowera kumapiri a ku Ntcheu, dera la Mfumu Yaikulu Nsamala limagawika pawiri. Pa tauni ya Balaka ndi m'misika ya m'mbali mwa msewu wopita ku Liwonde mababu amayamba kuyaka. Mukangopatuka pang'ono kulowa kumidzi, kuwala kumene mumakumana nako ndi kwa tochi, kwa kasola kapena kwa moto wa pamafuwa. Kalembera wa anthu wa 2018 adapeza kuti m'Malawi muno nyumba pafupifupi 11 zokha mwa 100 zilizonse ndi zimene zinkaunikira magetsi, pomwe zoposa theka zinkadalira matochi a mabatire. Kuchokera nthawi imeneyo mapolo awonjezeka, ndipo mafunso nawo achuluka.

Amene ali ndi mita amadandaula kuti, “Ndagula mayunitsi dzana lomweli, lero mita yayamba kale kulira.” Amene akudikira kulumikizidwa amafunsa ngati adzakwanitse kulipira mwezi ndi mwezi. A komiti ya chitukuko cha m'mudzi, akamalemba pempho la magetsi, amafuna kudziwa kukula kwa thiransifoma yowayenera. Onsewa yankho lawo limachokera pa samu imodzi yosavuta, yoti mwana wa Sitandade 6 angaichite pachikuto cha kope lake.

Kodi yunitsi imene timagulayi n'chiyani kwenikweni?

Yunitsi ndi muyeso wa magetsi amene agwiritsidwa ntchito, monga momwe ndowa imayezera chimanga pamsika. Chipangizo chilichonse chili ndi mphamvu yake yokokera magetsi, ndipo mphamvuyo imayezedwa m'mawati. Mawati 1,000 ndiwo kilowati imodzi. Chipangizo cha mawati 1,000 chikayaka ola lathunthu, chadya yunitsi imodzi.

Ndiye kuti yunitsi yomweyo imakhalitsa kapena kutha msanga malinga ndi chimene mwaipatsa. Babu la LED la mawati 9 lingayake nayo maola 111. TV ya mawati 50 ingaonetse maola 20. Simbi ya mawati 1,000 imaimaliza pa ola limodzi, ketulo ya mawati 2,000 pa mphindi 30, ndipo giza ya mawati 3,000 pa mphindi 20 zokha.

Nanga mawati a chipangizo changa ndingawadziwe bwanji, ndipo samu yake imayenda motani?

Tembenuzani chipangizocho. Kumbuyo kapena kunsi kwake kumakhala kapepala komata kapena zilembo zodinda, ndipo nambala yotsatana ndi chilembo W ndiyo mawati ake. Pa babu nambalayi imalembedwa pakhosi. Mukapeza mavolti ndi maampu okha, olembedwa V ndi A, chulukitsani ziwirizo. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavolti 230, choncho chipangizo cha maampu 2 chili pa mawati 460.

Mukadziwa mawati, achulukitseni ndi maola amene chipangizocho chimayaka pa tsiku, kenako gawani ndi 1,000. Zimene mwapeza ndi mayunitsi a tsiku limodzi. Kuti mupeze a mwezi, chulukitsani ndi 30. Babu lakale lija lotentha la mawati 60, likamayaka maola 5 usiku uliwonse, limadya mayunitsi 9 pa mwezi. Babu la LED la mawati 9, lowala mofanana nalo, silifika ngakhale yunitsi imodzi ndi theka.

Pali zipangizo zina zimene zimadziyatsa ndi kudzizimitsa zokha. Filiji imakhala pasoketi usana ndi usiku, koma mukatchera khutu mudzamva injini yake ikulira kenako n'kupuma. Poiwerengera, tengani pafupifupi theka la tsiku. Simbi nayo ikatentha mokwanira imadula yokha kanthawi, kanyali kake n'kuzima.

M'nyumba muli zipangizo zambiri. Zimene zimadya kwambiri ndi ziti?

Akuluakulu adati chulukechuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Zoluma thumba m'nyumba n'zochepa, ndipo chizindikiro chake n'chimodzi: ntchito yake ndi kutenthetsa. Hotipuleti, kuka, ketulo, simbi, giza, kachitsulo koviika m'ndowa kotenthetsera madzi osamba, choumitsira tsitsi cha ku saluni, zonsezi zimayambira cha m'ma 1,000 kupita m'mwamba. Zounikira, zoimba ndi zoonetsa zithunzi nthawi zambiri sizifika ngakhale mawati 100.

Madzi ndiwo amaonetsa bwino nkhaniyi. Kuwiritsa malita 10 a madzi kumadya pafupifupi yunitsi yathunthu. Kufunditsa ndowa ya malita 20 kuti munthu asambe ndi pafupifupi theka la yunitsi. Banja la anthu asanu likamasamba madzi otenthetsa pa magetsi tsiku lililonse, mayunitsi pafupifupi 70 pa mwezi amathera kubafa.

Kutchaja foni, kumene ana amakalipiridwa nako kawirikawiri, n'kochepa zedi. Yunitsi imodzi ingadzaze foni yamakono maulendo 40 kapena kuposa. Ketulo yodzazidwa mpaka pakamwa pofuna kapu imodzi ya tiyi imawononga kuposa mafoni onse a m'nyumbamo.

Tiwerengereni nyumba yonse kuti tione mmene zimakhalira.

Tiyerekeze nyumba zitatu zoyandikana, mwina kwa Chiyendausiku kapena kwa Kwitanda.

Yoyamba yangolowetsa kumene magetsi. Mababu anayi a mawati 9 amayaka maola 5, ndipo pa mwezi amadya mayunitsi 5 ndi pang'ono. Babu la panja lochezera usiku wonse, maola 11, limadya 3. TV ya mawati 50 yoonera maola 4 imadya 6, dikoda yake 2, wailesi 2, mafoni atatu 2. Zonse pamodzi ndi mayunitsi pafupifupi 20 pa mwezi.

Yachiwiri ili ndi zonsezi, koma yawonjezerapo zinayi. Fani ya mawati 50 yozungulira maola 8 imadya mayunitsi 12. Filiji ya mawati 100 yolira theka la tsiku imadya 36. Ketulo ya mawati 2,000 yoyatsidwa mphindi 15 pa tsiku imadya 15. Simbi yositira maola awiri pa sabata imadya 8. Nyumbayi yafika pa mayunitsi pafupifupi 90.

Yachitatu ili ngati yachiwiri, koma mayi a m'nyumbamo amaphikira pa hotipuleti ya mawati 1,500 maola awiri pa tsiku. Kuphika kokhako ndi mayunitsi 90, ndiye nyumbayi ili pa 180. Itati iikenso giza ya mawati 3,000 yotenthetsa maola awiri pa tsiku, pangawonjezeke mayunitsi ena 180.

Nyumba zonse zitatu timangoti “zili ndi magetsi,” koma yachitatu ikudya za nyumba 9 za mtundu woyamba. Manambala a kwanu adzasiyana ndi awa, koma njira yowapezera ndi yomweyi.

Ine ndi anzanga oyandikana nawo tili ndi zipangizo zofanana. Bwanji iwo mayunitsi amawakhalitsa?

Choyamba ndi kuchuluka kwa anthu ndi nthawi imene amakhala pakhomo. Nyumba imene onse amalawirira kumunda, kumsika kapena kusukulu imagona masana onse. Nyumba ya agogo ndi zidzukulu zawo, TV ndi fani sizipuma.

Chachiwiri ndi msinkhu wa chipangizo. Mabanja ambiri kuno ku Balaka ndi ku Machinga ali ndi abale ku Joni, ndipo katundu amene amabwera kuchokera kumeneko, kapena wogula pakaunjika, amakhala wina watsopano wina wotopa. Filiji yakale imene mphira wa pachitseko chake udaphwa imalowetsa mpweya wotentha, injini yake n'kumalira osapuma. Iyeseni potsekera kapepala pachitseko. Kakasololoka mosavuta, mphirawo watha ntchito.

Chachitatu ndi zizolowezi. Kusita malaya amodzi m'mawa uliwonse kumadya kuposa kusita zovala zonse tsiku limodzi, chifukwa simbi imayambiranso kutentha ulendo uliwonse. Mphika wosavindikira umachedwa kuwira. Poto wopindika kunsi sagwira bwino hotipuleti, kutentha kwambiri kumangothawira m'mbali. Nyemba zonyika usiku zimapsa msanga kuposa zongotsanulira m'madzi zili gwa.

Chachinayi ndi geni. Nyumba zambiri zimadyera pa mita yomweyo: mafilizesi ogulitsa kusukulu, madzi ozizira a pa depoti, kumeta, kutchajitsa mafoni, kuonetsa mpira. Mayunitsi oterewa sakuwonongeka, akubala ndalama. Chofunika ndi kuwawerengera paokha, kuti mudziwe ngati geniyo ikubweza zimene ikudya.

Kodi nyengo ya kuno ili ndi gawo pa nkhaniyi?

Ili nalo lalikulu. Balaka ali m'chigwa cha Shire, ndipo kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala aliyense wa kuno akukudziwa. Miyezi imeneyi fani imachezera, ndipo filiji imagwira ntchito yowirikiza chifukwa ikulimbana ndi chipinda chotentha komanso chitseko chotsegulidwa kawirikawiri ndi ofuna madzi ozizira. Nyumba ya malata yopanda siling'i imasunga kutentha mpaka usiku. Mtengo wa mthunzi kumadzulo kwa nyumba ndi mawindo oyang'anizana olowetsa mphepo zimachepetsa maola a fani popanda kulipira kalikonse. Filiji nayo iikidwe kutali ndi mbaula ndi dzuwa, ndipo kumbuyo kwake kusagunde khoma.

Mu Juni ndi Julayi fani imapuma, koma usiku umatalika, mababu amayaka msanga, ndipo ambiri amafuna madzi ofunda osamba.

Palinso nyengo ya m'thumba. Thonje ndi nandolo zikagulitsidwa, ndi pamene anthu amagula TV, masipika ndi mafiliji. Mu Januwale ndi Febuluwale, ndalama ikathera ku feteleza, fizi ndi ufa, mayunitsi amagulidwa apang'onoapang'ono. Pa tchuthi ana amakhala pakhomo tsiku lonse. M'mwezi wa Ramadani mabanja achisilamu amadzuka m'bandakucha kukonza chakudya ndipo amaphikanso dzuwa likamalowa. Woyerekeza wanzeru satenga mwezi umodzi n'kuuyesa chaka chonse.

N'chifukwa chiyani ndalama yomweyo imandipatsa mayunitsi ambiri kumayambiriro kwa mwezi, koma ochepa ndikagulanso?

Mitengo ya magetsi imavomerezedwa ndi bungwe la MERA, ndipo pa mitengo ya m'zaka zapitazi mayunitsi 50 oyambirira amene nyumba yagula pa mwezi akhala otsika mtengo kuposa otsatira. Cholinga chake ndi kuteteza mabanja ogwiritsa ntchito magetsi ochepa. Mukadutsa 50, yunitsi iliyonse imagulidwa pa mtengo wokwererapo, kaya mwagulira pa Airtel Money, pa Mpamba kapena kwa ejenti. Mwezi watsopano ukayamba, kuwerenga kumayambiranso.

Nyumba yoyamba ija ya mayunitsi 20 imakhala pa mtengo wotsika mwezi wonse. Ya 180 imagula mayunitsi 130 pa mtengo wapamwamba. Mitengo imasintha, choncho sungani malisiti kapena mauthenga a pafoni. Gawani ndalama imene mwalipira ndi mayunitsi amene mwalandira, ndipo mudzadziwa mtengo weniweni wa yunitsi, misonkho ili momwemo.

Ndikuikayikira mita yanga. Ndingaiyese bwanji?

Yambani ndi kope. Kwa masiku 7, lembani mayunitsi otsala nthawi imodzimodzi madzulo aliwonse. Kusiyana kwa lero ndi dzulo ndiko kudya kwa tsiku. Yerekezani ndi samu yanu ija. Zikayandikana, mita ilibe mlandu.

Zikasiyana kwambiri, zimitsani zonse m'nyumba, muzule mapulagi onse, kenako yang'anani kanyali kofiira ka pamita. Kanyalika kamaphethira mofulumira magetsi akamakokedwa kwambiri, ndipo kamaima pakakhala kuti palibe chikukoka. Kakapitiriza kuphethira zonse zili zozima, pali penapake pamene magetsi akutayikira: mwina waya wonyuka m'denga kapena pansi, mwina waya wopita kunyumba ina umene simukuudziwa. Itanani katswiri wa zamagetsi wokhala ndi chiphaso cha MERA. Kanyali kakaima, yatsani zipangizo chimodzichimodzi, ndipo chimene chidzakaphethiritse mothamanga ndicho chikukudyerani. Ngati kukayika kudakalipo, kanenani ku ofesi ya ESCOM. Mita musaitsegule, musailambalale. Ndi mlandu, komanso ndi njira imene nyumba zimapsera ndi anthu kufera.

Tili mabanja angapo pa mita imodzi ya alandilodi. Tigawane bwanji popanda kukangana?

Kugawa mofanana kumaoneka chilungamo, koma nthawi zambiri kumapweteka wosauka. Khalani pansi, banja lililonse litchule zipangizo zake ndi maola ake, muchite samu ija poyera. Banja lina likapezeka pa mayunitsi 20, lina pa 90, ndiye kuti pa K100 iliyonse yogulira magetsi loyambalo lipereke K18, linalo K82. Gwirizananinso kuti wogula chipangizo chatsopano, makamaka chotenthetsa, azinena tsiku lomwelo. Kumbukirani kuti mabanja ambiri pa mita imodzi amamaliza msanga mayunitsi 50 otsika mtengo aja, pomwe banja lililonse likadakhala ndi mita yake likadalandira 50 akeake. Kumene kungatheke, mita ya banja lililonse ndiyo imasunga chinansi.

Nthawi zina swichi yaikulu imagwa chonsecho mayunitsi alipo. Chimachitika n'chiyani?

Pa magetsi pali mafunso awiri osiyana. Loyamba ndi lakuti mumadya angati pa mwezi. Lachiwiri ndi lakuti mumakoka angati nthawi imodzi. Taganizirani za mjigo. Ungathe kumwetsa mudzi wonse ngati anthu akubwera mosinthana tsiku lonse, koma onse akafika 6 koloko m'mawa, ndowa zimandandalika mpaka kumsewu.

Waya, soketi ndi swichi zili ndi malire a zimene zingadutse nthawi imodzi. Gawani mawati ndi 230 kuti mupeze maampu. Pulagi ya mano atatu imene timagwiritsa ntchito kuno imalekera pa maampu 13, amene ndi mawati pafupifupi 3,000. Ketulo ya 2,000, simbi ya 1,000 ndi hotipuleti ya 1,500 zikayaka pamodzi ndi mawati 4,500, pafupifupi maampu 20. Zikakhala pa ekisitenshoni imodzi, waya umatentha n'kuyamba kusungunuka. Swichi ikagwa, yakupulumutsani. Musaimangirire kapena kulowetsa kawaya m'malo mwa fyuzi. Yatsani zotenthetsa mosinthana, chilichonse pa soketi yake ya pakhoma.

Nanga mudzi wonse kapena msika ungayerekeze bwanji magetsi amene ukufuna?

Pologalamu ya boma yofikitsa magetsi kumidzi ya MAREP, imene idayamba mu 1980, ndi mainjiniya a ESCOM ali ndi njira zawo zowerengera, koma mudzi umene wadziwerengera kale umalankhula nawo ndi mawu olemera. Yambani ndi kuwerenga nyumba zimene zingalumikizidwedi, muzigawe m'magulu.

Tiyerekeze nyumba 100: za mtundu woyamba 60, za wachiwiri 30, zophikira magetsi 10. Pa mwezi zidzadya mayunitsi 1,200 kuphatikiza 2,700 kuphatikiza 1,800, onse pamodzi 5,700.

Koma thiransifoma siyezedwa ndi mayunitsi a mwezi. Imayezedwa ndi ola lovuta kwambiri, la madzulo lija pamene mababu, ma TV ndi mapoto zonse zili pa ntchito. Apa simuphatikiza mawati onse a zipangizo zonse, chifukwa si onse amene amayatsa ketulo mphindi imodzi. Mumatenga zimene nyumba imakoka kawirikawiri pa ola limenelo. Tinene kuti ya mtundu woyamba imakoka mawati 120, yachiwiri 400, yophikira 1,500. Nyumba 60 zija ndi mawati 7,200, nyumba 30 ndi 12,000, nyumba 10 ndi 15,000. Zonse ndi makilowati 34. Taonani kuti nyumba 10 zokha zatenga pafupifupi theka.

Mayunitsi 5,700 mutawayala mofanana pa maola 720 a mwezi, mudzi ungaoneke ngati ukufuna makilowati 8 okha. Koma waya ndi thiransifoma ziyenera kupirira 34, ndi malo otsala a kukula kwa mudzi. Thiransifoma ya 50 kVA ingayambe bwino pamenepa. Tsono wina akabweretsa chigayo cha mota ya makilowati 20, chimakoka ngati nyumba zoposa 160 za mtundu woyamba. Owotcherera zitsulo, pampu ya madzi, sukulu, chipatala chaching'ono, tchalitchi ndi mzikiti ziwerengedwe pazokha, pamodzi ndi nthawi imene zimagwira ntchito. Chigayo chogaya masana chingagawane thiransifoma ndi nyumba zokoka madzulo. Chikamagaya mpaka mdima, mababu a mudzi wonse amafiira.

Ndi zolakwika ziti zimene zimachitika kawirikawiri poyerekeza?

Cholakwika choyamba ndi kuwerenga maloto. Mukafunsa munthu amene sanakhalepo ndi magetsi chimene adzagule, amatchula filiji, kuka ndi TV yaikulu, ndipo amanena ndi mtima wonse. Magetsi akafika, ndalama yalowa kale ku mawaya a m'nyumba, ndipo chaka choyamba chimatha ndi mababu ndi foni basi. Njira yodalirika ndi kukaona mudzi wofanana ndi wanu umene udalandira magetsi zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo, n'kufunsa mayunitsi amene mabanja amagula pa mwezi.

Chachiwiri ndi kuiwala mawa. Magetsi amakoka anthu. Pamene pali mapolo pamamera magolosale, nyumba za lendi ndi mashopu, ndipo thiransifoma imene inali yokwanira imayamba kulemedwa.

Chachitatu ndi kukhulupirira mita yokha. Mita imalemba zimene zadyedwa magetsi ali oyaka. Maola amene adathima, ndi masiku amene banja lidagona mumdima chifukwa chosowa ndalama ya mayunitsi, saoneka paliponse, chonsecho kufunika kwake kunalipo.

Chachinayi ndi kubisa. Wobisa hotipuleti kapena makina owotcherera polembetsa amaganiza kuti wapulumutsa ndalama, koma thiransifoma ikapsa amakhala mumdima ndi mudzi wonse, iye yemwe ali momwemo.

Zimene ndikuchita m'nyumba mwanga zikukhudzana bwanji ndi kuthimathima kwa magetsi?

Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa mtsinje umodzi, Shire, womwe ukudutsa pakhomo pathu. Madzi ake amawongoleredwa pa Kamuzu Barrage ku Liwonde, yomangidwa mu 1965, asanatsikire ku Nkula, kumene makina oyamba adayamba kugwira ntchito mu 1966, kenako ku Tedzani ndi ku Kapichira. Kuyambira 2017 opanga magetsiwa ndi a EGENCO, pomwe a ESCOM amawanyamula ndi kutigulitsa. M'boma lathu lomwe lino, pa Phombeya, pali siteshoni yaikulu pamene pamayambira mawaya a mavolti 400,000 opita ku Nkhoma, ndipo ndi pomwe padasankhidwa kukhala pofikira mawaya ochokera ku Matambo m'chigawo cha Tete ku Mozambique.

Nyanja ya Malawi itatsika m'zaka za 2016 ndi 2017, dziko lidakhala maola ambiri mumdima. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adawononga damu la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 adachoka nthawi imodzi, ndipo sadabwerere mpaka 2023. Masiteshoni a sola a ku Salima, a mamegawati 60, ndi a ku Golomoti, a mamegawati 20, athandiza, koma dzuwa limalowa nthawi yomwe dziko lonse likuyatsa.

Mudzi wa nyumba 100 uja ndi chithunzi cha dziko lonse: vuto lili pa ola la madzulo. Kusita masana kapena Loweruka m'mawa, kutenthetsa giza usiku kwambiri m'malo mwa 6 koloko madzulo, kusintha mababu akale, zimaoneka zazing'ono pa nyumba imodzi. Koma pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo nyumba zikwizikwi zikatero, katundu wa pa ola lovutalo amapepuka.

Ngati kuphika kumadya chotere, si bwino kungokhala pa makala?

Musaweruze musanawerenge mbali zonse ziwiri. Lembani tsiku limene mwatsegula thumba la makala ndi tsiku limene latha, mugawe mtengo wake ndi masikuwo. Kenako tengani mayunitsi atatu a kuphika kwa tsiku muchulukitse ndi mtengo wa yunitsi wa pa lisiti lanu. Mabanja ena a m'tauni akachita samuyi amadabwa.

Chipangizo chophikira nacho chili ndi gawo. Poto wamagetsi wotseka zolimba, wophika ndi nthunzi yopanikizika, amapsetsa nyemba ndi magetsi osafika yunitsi imodzi, pomwe pa hotipuleti zingadye mayunitsi atatu kapena kuposa.

Makala ali ndi mtengo wina umene sulembedwa pa thumba. Kalembera wa 2018 adapeza kuti nyumba zoposa 95 mwa 100 zinkaphikira nkhuni kapena makala. Mitengo ikatha m'mapiri, Rivirivi ndi mitsinje inzake imakokolola dothi n'kukalitula mu Shire. Matope ndi zinyalala zimadzaza madamu a ku Nkula ndi ku Kapichira, makina amachepa mphamvu, magetsi amathima, ndipo mabanja amabwereranso ku mbaula. Utsi nawo umathera m'chifuwa cha mayi ndi mwana wa kumsana. Kunena zoona, malinga magetsi akuthimathima, mbaula sichoka pakhonde. Koma banja limene lingaphikire magetsi ngakhale chakudya cha masana chokha lachepetsa thumba la makala popanda kulemetsa ola la madzulo.

Kwathu mapolo sanafike. Samuyi ingandithandize pogula sola?

Apa ndiye imafunika koposa, chifukwa sola yochepa imapha batire, ndipo yokula mopitirira imamaliza ndalama pachabe. Tengani nyumba yoyamba ija ya mayunitsi 20 pa mwezi. Pa tsiku ikufuna pafupifupi 0.67. Kuno dzuwa lamphamvu tingaliwerengere maola 5 pa tsiku, choncho sola ya mawati 200 ingapange yunitsi imodzi. Chotsanipo pafupifupi magawo atatu mwa khumi otayika m'mawaya, m'batire, pa fumbi ndi pa kutentha, patsala 0.7. Yakwana, ngakhale masiku a mitambo muyenera kuchepetsa TV.

Batire la mavolti 12 ndi 100 Ah limasunga mayunitsi 1.2, koma la mtundu wa asidi siliyenera kutsitsidwa kupitirira theka ngati mukufuna likhalitse. Ndiye muli ndi 0.6 yokha ya usiku, ndipo ndi bwino kugula lokulirapo. Simbi, ketulo ndi hotipuleti pa sola ya msinkhu uwu ayi. Pukutani fumbi pagalasi lake kawirikawiri, makamaka m'chilimwe.

Ndiyambire pati lero?

Pa tsamba limodzi la kope. Jambulani mizere inayi: dzina la chipangizo, mawati, maola, mayunitsi a mwezi. Yendani chipinda ndi chipinda limodzi ndi ana, iwo aziwerenga manambala, inu muzilemba. Kwa sabata imodzi lembani zotsala pa mita madzulo aliwonse. Mukatha, zungulizani zipangizo ziwiri zimene zatenga mayunitsi ambiri, ndipo banja likambirane za ziwiri zokhazo.

Tsamba limenelo musalitaye. Tsiku limene a mfumu adzaitane msonkhano wa pempho la magetsi kapena la thiransifoma yokulirapo, masamba otere ochokera khomo ndi khomo ndiwo adzauze mainjiniya zoona za mudzi wanu. Ndipo mita ikadzaliranso madzulo ena, simudzayang'ana ana kapena kukayikira anansi. Mudzatsegula kope, n'kuona pamene mayunitsi athera.